Ku Mangochi, foni m'thumba ndi mafunso papepala

Lachiwiri, kuchoka ku Limbe

Kondakitala anayamba kulumbira 7 koloko kuti kwatsala munthu mmodzi, koma minibasi yanyamuka 9 koloko itadutsa. Ndakhala kumbuyo, pakati pa mayi wa dengu la tomato ndi mnyamata wopita ku Namwera amene anagona tisanafike n'komwe pa Njuli. Sindinadandaule nazo, chifukwa dzulo ndisanaweruke ndinatsitsa ma podcast 14 pa intaneti ya kuntchito, onse a macheza a wofunsa ndi woyankha. Amene simunazolowere, podcast ndi pulogalamu ya mawu ngati ya pa wailesi, kungoti umaitsitsa mu foni n'kumvera pa nthawi yako. Ola limodzi limadya ma MB pakati pa 30 ndi 60. Ukamaonera macheza omwewo pa YouTube, bandulo imatha usanaone Zomba.

Ulendo uno sindikukasamba kunyanja. Ndikupita kwa malume, alongo awo a mayi anga, msodzi wa zaka zopitirira 70 amene amakhala kufupi ndi Makawa. Mayi akhala akundiuza kwa zaka zitatu kuti, "Malume akowo tsiku lodzatisiya, nkhani zonse za kwathu zidzalowa nawo m'manda." Ndiye ndatenga tchuthi kuti ndikawajambule mawu. Ma podcast amenewa ndawatenga ngati aphunzitsi a panjira, ndione mmene anzathu amafunsira.

Ndayamba ndi Desert Island Discs ya BBC, imene inayamba mu 1942 ndipo pano amayendetsa ndi Lauren Laverne. Mlendo amamuuza kuti ayerekeze kuti waponyedwa yekha pa chilumba, asankhe nyimbo 8, buku limodzi ndi kanthu kamodzi kokondweretsa mtima. Amene mumaonera Cruise 5 ya Joab Frank Chakhaza pa Zodiak mukuidziwa kale nzeru imeneyi. Munthu amene sangakuyankhe ukamufunsa mwachindunji za bambo ake, amayamba yekha kuwatchula akamafotokoza chifukwa chake wasankha nyimbo yachitatu. Pa Liwonde, pomwe anyamata a chimanga chootcha anatchinga mawindo, ndinali nditamvera ziwiri ndipo imodzi inandilengetsa misozi pamaso pa mayi wa tomato uja.

Kupitirira Ulongwe milambe ndi migwalangwa imayamba kuchuluka, nyanja ya Malombe n'kumaoneka apa ndi apo kudzanja lamanja. Pa boma tafika dzuwa litapendeka. Njinga za kabaza zinali ponseponse. Ndagona pa kanyumba kena ka alendo komwe fani yake imalira ngati chigayo.

Lachitatu

Mmawa ndinayenda wapansi mpaka pa nsanja ya wotchi, ija anamanga mu 1903 pokumbukira Queen Victoria, tawuniyi ikadatchedwa Fort Johnston. Pafupi pomwepo pali mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann kutsidya la nyanja, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene ndinkaganizira, mpaka wa kabaza wina anabwera kudzafunsa ngati ndasochera.

Chinandiimitsa ndi pulogalamu imene ndinali nditangomaliza kumvera pomwa tiyi, Witness History, nayonso ya BBC. Ndi yaifupi, mphindi 9 kapena 10 basi. Amatenga chinthu chimodzi chimene chinachitika kale n'kupeza munthu mmodzi amene analipo, kuti anene zimene maso ake anaona. Satenga pulofesa wodziwa zonse, amatenga woyendetsa galimoto, namwino, mwana amene anali pakhomo tsikulo. Nambala ya 145 ija ndaiwerenga kambirimbiri, koma pamenepo ndinalakalaka nditamva mawu a munthu mmodzi yekha amene anatuluka m'madzi tsiku limenelo, akufotokoza m'chinenero chake.

Ndinakwera pa mlatho wa Bakili Muluzi kukaona Shire akutsika mwakachetechete kulowera ku Malombe, kenako ndinakafuna galimoto ya ku Monkey Bay. Pa Makawa msuweni wanga anali akundidikirira ndi njinga yamoto.

Kwa malume andilandira ngati ndachokera ku Joni. Azakhali anali atapha kale nkhuku, koma malume anakana, amvekere mlendo wochokera ku Blantyre sangadye nkhuku ali pamphepete pa nyanja. Ndiye panabwera zonse ziwiri, nkhuku ndi chambo chowamba, nsima ya mgaiwa pambali. Chambo chake chinali chaching'ono, chosadzadza chikhatho bwinobwino. Malume anachiyang'ana n'kupukusa mutu, koma sananene kanthu. Za kujambula sindinazitchule. Mlendo safika ndi mafunso tsiku loyamba.

Lachinayi

Lero ndalakwitsa zonse, ndipo ndilemba mmene zinakhalira.

Titamwa phala ndinatulutsa mipando iwiri, ndinaika foni pa mtondo wovundikira pakati pathu, n'kutulutsa pepala la mafunso 23 amene ndinawalemba ku ofesi. Malume atangoona pepalalo analowa m'nyumba kukavala jekete. Atabwerera anakhala mowongoka, manja pa maondo, ngati ali pa bwalo la amfumu.

"Malume, munabadwa chaka chanji?"

"Zimenezo akudziwa ndi amako."

"Munayamba liti usodzi?"

"Kalekale."

"N'chifukwa chiyani chambo chatha m'nyanja muno? Si inu asodzi amene munkakokera ndi tiana tomwe?"

Apa anandiyang'ana kwa kanthawi. "Mphwanga, wabwera kudzandiona kapena akutuma a boma?"

Mphindi 11 zokha, macheza anathera pomwepo. Nditamvera zimene ndajambula, theka lake ndi mphepo yokhayokha, chifukwa mwera wayamba kuomba kuyambira usiku ndipo foni ndinaiika poyera. Theka linalo ndi ine, kulankhula kwambiri kuposa munthu amene ndabwera kudzamumva.

Ndikudziwa komwe ndinatengera funso lachitatu lija. Ndinakulira HARDtalk, imene inayamba mu 1997 ndi Tim Sebastian, kenako Stephen Sackur anaitenga mpaka BBC inaitseka mu 2025. Kuno kwathu ndimakonda Times Exclusive ndi Tiuzeni Zoona ya pa Zodiak. Mapulogalamu amenewa ndi ofunika, ndipo ine ndimamva kukoma nduna ikamachita chibwibwi. Koma mafunso opanikiza anapangidwira munthu amene wagwira chuma cha anthu ndipo ali ndi chobisa. Ine ndinatenga mkondo wosakira njati n'kuulozetsa kwa nkhalamba imene yandiphera nkhuku dzulo lomweli.

Masana onse malume anali kwa anzawo kokaseweretsa bawo. Azakhali anandipatsa mtedza woti ndiswe, amvekere, "Malume anuwo sayankha, amangokamba. Mukawafunsa amatseka pakamwa."

Usiku, nyali za asodzi a usipa zinali zochepa panyanja chifukwa cha mphepo. Ndinagona ndi Fresh Air ya ku America m'khutu. Terry Gross wakhala akufunsa anthu pa pulogalamu imeneyi kuyambira 1975, ali ku Philadelphia, ndipo alendo ake ambiri sakhala naye m'chipinda chimodzi, amangomvana mawu. Chimene chimandigwira mwa mayi ameneyu n'choti funso lake lachiwiri limachokera mu yankho la funso loyamba, osati papepala. Mlendo akatchula kanthu mongodutsa, mwina kuti nthawi imeneyo anali atasiya kulankhulana ndi mchemwali wake, iye amabwerera pomwepo mofatsa. Amawauziratunso alendo amene si andale kuti funso likalowa pamalo posayenera anene, alisiya. Ine malume sindinawapatse khomo lotulukira, ndiye anadzitsegulira lawo.

Lachisanu, Monkey Bay ndi Cape Maclear

Ndinaona kuti ndi bwino ndiwapatse mpata malume, ndiye ndakwera kumbuyo kwa njinga ya msuweni kulowera ku Monkey Bay. Lachisanu ndi tsiku limene Ilala imanyamuka kupita kumpoto, ndipo tinapeza chipwirikiti cha matumba a ufa, malata, njinga ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Sitima imeneyi inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kuyamba kuyenda panyanjayi mu 1951. Ndi yamsinkhu umodzi ndi malume, kapena kuwaposa pang'ono.

Msuweni wanga ali ndi zaka 26, amagula usipa pa gombe, kuuyanika pa thandala n'kumautumiza ku Limbe ndi ku Lilongwe. Sindinkadziwa kuti nayenso ndi wa ma podcast. Tili pa chiwaya pa Monkey Bay ananditulutsira foni yong'ambika galasi n'kundionetsa zake. Yoyamba ndi Podcast and Chill ya MacG wa ku South Africa, imene inayamba mu 2018. Akuti anaiphunzira kwa anzake obwerera ku Joni, ndipo ku Mangochi kuno obwerera ku Joni sasowa. Ine ndinamuuza maganizo anga, kuti MacG ndi mnzake woyendetsa naye pulogalamuyo, Sol Phenduka, amadziwa kumasula mlendo mpaka kuiwala kuti pali makamera, koma nthabwala zawo zina zimandichititsa manyazi ndipo sindingaitsegule mu minibasi popanda zomvetsera za m'khutu. Iye anangoseka, amvekere ndakalamba msanga.

Yachiwiri ndi The Diary of a CEO ya Steven Bartlett, mnyamata wobadwira ku Botswana n'kukulira ku England. Apa tinakangana ndithu. Bartlett amafunsa modekha ndipo amalola mlendo kumaliza mawu, zimenezo sindikana. Koma mitu ya macheza ake imakuwa ngati wogulitsa mankhwala a mphamvu pa depoti, ndipo mu 2024 atolankhani a BBC anafufuza n'kupeza kuti alendo ena a zaumoyo ankanena zosocheretsa popanda wowatsutsa. Ndinamuuza kuti akamamva wina pamenepo akulonjeza kuchiza matenda ndi zakudya, asasiye mankhwala a kuchipatala. M'malo mwake ndinamutumizira How I Built This ya Guy Raz, yoyamba mu 2016, momwe eni mabizinesi amafotokoza za ngongole, za katundu wowola, za chaka chimene anatsala pang'ono kutseka. Kumapeto Raz amakonda kufunsa mlendo ngati zinamuyendera chifukwa cha khama kapena mwayi. Ndinamufunsa msuweni funso lomwelo. Anati usipa ndi mwezi: ukawala nsomba sizibwera ku nyali, ukachita mdima mwera n'kukhala chete ndiye ndalama, ndipo khama lake iye limangothera pa kudzuka 4 koloko kukapikisana ndi amayi a ku Limbe pa mtengo wa chigoba.

Popita ku Cape Maclear tinaima pa Mwala wa Mphini, thanthwe lija lokhala ndi mizere ngati mphini za pankhope ya agogo. Ku Chembe madzi anali oyera ngakhale kunja kuli mphepo, chifukwa mapiri ndi zilumba za Thumbi ndi Domwe zimatchinga. Tinakaona manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika pano mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawapulula. Malowa ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza mbuna, tinsomba ta mitundumitundu tija tokhala m'miyala, ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse mu 1984. Ndinalowa m'madzi mpaka m'chiuno, tinsombato n'kumandizungulira miyendo.

Pobwerera ndinazindikira kuti tsiku lonse takamba za mapulogalamu a ku London, Philadelphia ndi Johannesburg, onse m'Chingerezi, ife tikuyankhulana Chichewa. Achinyamata a m'tawuni ayamba ma podcast awo pa YouTube ndi Facebook, ndipo ena ndi okoma, koma alendo ake amakhala oimba, andale ndi otchuka omwe aja. Mayi wowamba nsomba pa Chembe sindinamumvepo akupatsidwa ola lathunthu.

Loweruka

Pepala lija ndinayatsira moto wa tiyi.

Cha m'ma 9 koloko ndinapeza malume kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango pomwe mphepo siifika, akusoka ukonde wa matchera. Kawailesi kawo kanali pambali, kakulankhula motsitsa. Iwo amasinthasintha pakati pa Dzimwe ndi Lilanguka, azakhali akatenga n'kupititsa pa Radio Maria, imene likulu lake lili ku Mangochi konkuno. Ndinakhala pansi osanena kanthu. Patapita nthawi anandiponyera mbali ina ya ukonde kuti ndiwakokere uwongoke. Ndinawauza kuti foni ili m'thumba la malaya ikujambula, ndaikulunga ndi sokosi kuopa mphepo, ndipo akafuna ndizimitse angonena. Anati, "Zako zimenezo," n'kupitiriza kusoka.

Ndinabwereka nzeru ya chilumba ija. Ndinafunsa nyimbo imene ankaimba pokoka khoka ali anyamata. Anayamba aseka, kenako anaiimba ndi mawu okalamba, akugwedeza phewa pamalo pomwe onse ankakokera pamodzi. Atamaliza sindinafunse kanthu. Anayamba okha kutchula amene ankatsogolera nyimboyo, amene ankaima kumapeto kwa chingwe, amene ankaba chambo n'kubisa mumchenga kuti adzafukule usiku. Anati masiku amenewo chambo chonga chimene tinadya Lachitatu ankachiponyanso m'madzi, ndipo khoka limodzi linkadyetsa mudzi wonse, amasiye ndi agalu omwe. Kenako anafotokoza mmene maukonde a maso ang'onoang'ono anafikira, mmene anthu anayambira kukokera pamalo pomwe chambo chimakumba timaenje toswerana, mpaka kuzula ndi udzu wa pansi pa madzi. "Nanenso ndinakoka nawo," anatero. "Ana anali pa sukulu." Limenelo ndi yankho la funso langa la Lachinayi lija, lobwera lokha patatha mphindi 40.

Atatchula wotsogolera nyimbo kachiwiri ndinazindikira kuti dzinalo ndi limene mayi anapatsa mng'ono wanga. Ndinafunsa kuti anali ndani.

Singano inaima. Malume anayang'ana kunyanja, ndipo panadutsa nthawi yoti munthu n'kumwa kapu ya madzi. M'kamwa mwanga munali mafunso atatu okonzeka, ndinawameza onse. Kenako anayamba kukamba za akulu awo, malume anga ena amene sindinawaonepo. Ananyamuka awiri pa bwato limodzi mwezi ngati uno kukavuula matchera, akuluakulu atawaletsa chifukwa mitambo ya kummwera inali itasintha. Mwera unawapeza pakati. Bwato litagudubuka onse awiri anagwira, mmodzi mbali iyi wina mbali iyo, akuitanana mayina mumdima. Akuti anaitanana mpaka nyenyezi ya mbandakucha itatuluka, kenako iwo anaitana katatu osayankhidwa. Apa Chichewa chinawathera, anapitiriza m'Chiyao, chimene ine ndimangotolamo mawu apa ndi apo. Sindinawadule kuti amasulire.

Azakhali anali ataima pakhomo ndi lichero m'manja. Pambuyo pake anandiuza kuti pa zaka zonse za banja lawo nkhani imeneyi anaimva kwa anthu ena okha.

Foni inajambula ola limodzi ndi mphindi 52. Madzulo ndinawauza malume za StoryCorps ya ku America, imene Dave Isay anayambitsa mu 2003: anthu awiri odziwana, mwina mdzukulu ndi agogo ake, amakhala pansi mphindi 40 wina n'kumafunsa mnzake, ndipo mawuwo amakasungidwa ku Library of Congress, nyumba yaikulu ya mabuku ya boma la America. Anafunsa ngati anthuwo amalipidwa. Nditati ayi, anati ndiye kuti azungu nawonso ali ndi nthawi yotaya. Koma atadya anandiuza kuti ndiwatsegulire pomwe ankaimba paja, ndipo anamvera katatu, akudzudzula kuti mawu achiwiri anawaphonya.

Lamlungu, kubwerera

Azakhali andimangira usipa wouma m'kathumba ka shuga ndi malambe a ana. Malume anandiperekeza mpaka pa msewu, atavala jekete lija. Potsanzikana anati ndikadzabweranso ndidzabwere ndi foni ya batire lokhalitsa, chifukwa za Malombe sanayambe n'komwe.

Mwa ma podcast 14 aja ndamvera 9. Amene ndipitirize sabata ndi sabata ndi Fresh Air, Desert Island Discs ndi Witness History, kuwonjezapo How I Built This ndikafuna kulimba mtima pa za ndalama. MacG ndizimusiyira masiku otopa. Koma kuchoka pa boma mpaka Liwonde sindinatsegule iliyonse mwa zimenezi, ndinkamvera malume. Ndadziwerengera malo 6 pomwe ndinawadula mawu popanda chifukwa, ndi pena pomwe ananena kuti "tsiku limenelo mayi ako anathawa pakhomo" ine n'kufunsa za mtengo wa ukonde. Pamenepo ndinadzimenya pachipumi mpaka bambo amene ndinakhala naye anandifunsa ngati ndaiwala katundu.

Tili pa Domasi mayi anaimba foni. Ndinawauza kuti zatheka, pafupifupi maola awiri, ndi nkhani ya bwato yomwe. Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa ngati malume anandiuza za ng'ona ya pa Shire imene inawalanda nkhafi chaka chimene ine ndinabadwa. Ndinati ayi.

"Nanga za ine kuthawa?"

"Anangotchula."

"Zimenezo usakawafunse iwowo, adzanama. Ubwere Loweruka ndi foni yakoyo, ugule ndi shuga."